Chimene Chimasulutsa Maluwa a Iris

Mlimi wa ku Katete, Sinda kapena Vubwi amene wabzala iris kuti azigulitsa pa maukwati amakhumudwa duwa la chibakuwa likatuluka lotuwa, pakuti wogula amangolidutsa. Ambiri amathamangira kunena kuti nthaka yaipa, koma ife timayamba taloza kumwamba.

Mtundu wa chibakuwa ndi wa buluu umachokera ku utoto wa m'duwa wotchedwa anthocyanin. Chomera chimapanga utotowu mochuluka usiku ukamazizira, monga mu Juni ndi Julayi. Kukatentha, monga mu Okutobala mvula isanagwe, chimapanga wochepa, ndipo dzuwa la masana limawononga womwe ulipo kale, ngati chitenje choiwalika pachingwe. Nchifukwa chake timabzala chakum'mawa kwa nyumba, kumene dzuwa la m'mawa limafika koma lamasana limatchingika. Timathirira m'mamawa, ndipo yureya sitimuyandikiza: amakometsa masamba, maluwa nkuchepa. Laimu kapena phulusa sizibweza mtundu. Zimenezo zimatheka pa hydrangea, osati pa iris.

Palinso bedi limene maluwa ake onse amasanduka oyera patapita zaka. Apa dzuwa lilibe mlandu. Kawirikawiri mtundu woyera, pokhala wamphamvu, wapanikiza unzake mpaka kuupha, kapena njere zogwa zamera ana osafanana ndi kholo. Tizidula maluwa ofota asanabereke njere, tizigawa zitsa pakatha zaka 3 kapena 4, ndipo mtundu uliwonse ukhale pabedi pakepake.