Kodi mumadziwa? Kusungitsa katundu sikwaulere

Kodi mumadziwa kuti ku Joni, komwe ana ambiri a ku Mangochi amakasaka ganyu, kuli makampani obwereketsa zipinda zosagona munthu? Mulibe zenera, mulibe bedi. Umalowetsamo katundu, n'kukhoma loko wako, kiyi n'kuponya m'thumba, mwezi ukatha n'kupereka lendi. Imodzi mwa makampaniwa ndi Stor-Age, yomwe inalowa pa msika wa masheya wa ku Johannesburg mu 2015. Mtengo umayendera kukula kwa chipinda: china chimakhala ngati bafa, china ngati galaja. Pamwamba pa lendi pamabweranso ya inshulansi, ndipo chipinda cha pakati pa tauni chimadula kuposa cha kunja.

Kodi mumadziwa kuti ukalephera kulipira katunduyo amapita? Ku America, komwe bizinesiyi inakulira ndipo kampani ya Public Storage inayamba mu 1972, malamulo amalola mwini zipinda kudula loko n'kugulitsa zam'katimo pa okushoni.

Kodi mumadziwa kuti nafenso kuno timalipira lendi yomweyo, kungoti palibe chikwangwani? Kaimeni pa msika wa Mangochi dzuwa likupendeka. Mayi wa kaunjika akupinda malaya limodzilimodzi, kuwapanikiza m'thumba ndi bondo, kumanga kukamwa ndi chingwe cha mphira. Mnyamata akusenza thumbalo kukaliponya m'kachipinda kuseri kwa sitolo, momwe muli kale madengu a tomato ndi makatoni a sopo. Mwini kachipindako amalandira zake, wosenza zake, mlonda zake. Tingoyerekeza kuti zonsezi ndi K500 pa usiku. Pakutha pa masiku 30 ndi K15,000, pa chaka K180,000 n'kupitirira. Amayi ambiri a geni omwe ndimacheza nawo amadziwa mtengo wa belo ndi wa minibasi pamtima, koma ndalama iyi saiwerengera, chifukwa imachoka pang'onopang'ono ngati madzi a m'chidebe chobooka.

Kodi mumadziwa kuti nsomba imalipiritsa kuposa katundu wina aliyense? Chambo chikatuluka m'madzi nthawi yotentha ya Okutobala, popanda ayezi sichifika madzulo chili bwino. Wogula pa doko amayamba wafunsa za ayezi asanafunse za mtengo wa nsomba, ndipo magetsi akazima usiku, wa filiji amadzuka n'kugulitsa motaya. Usipa nawo uli ndi zake. Pa thandala umauma bwino dzuwa likamaswa mtengo, koma mvula ikagwa masiku awiri otsatizana umayamba fungo, ntchentche n'kuikira. Ngakhale wouma kale, ukausanjikiza matumba kwa nthawi yaitali wapansi umanyenyeka, mitu payokha, michira payokha, ndipo ku Limbe kapena ku Lilongwe palibe angaugule pa mtengo wa usipa wathunthu. Ku Msaka ndi ku Chembe kunamangidwa matenti a pulasitiki oumitsira nsomba ndi kutentha kwa dzuwa, otchinga mvula, fumbi ndi ntchentche. Ine ndikanakonda doko lililonse, kuyambira Malembo mpaka Makanjira, likanakhala ndi lake.

Kodi mumadziwa kuti nankafumbwe wamkulu uja, woboola ngakhale mitengo ya nkhokwe, si wakuno? Kwawo ndi ku Central America. Anaoneka ku Tanzania chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo kuno ku Malawi analowa cha m'ma 1991 kudzera ku Karonga. Kuyambira pamenepo nkhokwe ya nsungwi ya pabwalo inayamba kutha mphamvu, chimanga chinalowa m'nyumba, m'matumba a makilogalamu 50, ndipo mlimi anayamba kugula mankhwala chaka ndi chaka.

Kodi mumadziwa kuti thumba la PICS silifuna mankhwala? Linapangidwa ndi akatswiri a pa yunivesite ya Purdue ku America. Lili ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi saka kunja. Ukamanga bwino pulasitiki iliyonse payokha mpweya sulowa, tizilombo timafera momwemo. Limadula pogula kuposa saka wamba, koma limagwira ntchito zaka zingapo likapanda kubooka. Mdani wake ndi khoswe, choncho liikeni pa thabwa, kutali ndi khoma.

Kodi mumadziwa kuti malo aakulu osungira chimanga m'boma la Mangochi ndi nkhokwe zazitsulo za bungwe la NFRA, zomwe zinamangidwa nthawi ya Bingu wa Mutharika? Zimalowa matani 20,000, kutanthauza matumba 400,000. Nkhokwe za ku Kanengo ku Lilongwe zimalowa matani 180,000.

Kodi mumadziwa kuti lisiti la mosungira mbewu lingakhale chikole? Dziko lino lili ndi lamulo lake la mu 2018. Mlimi amasiya nandolo kapena chimanga m'nyumba yosungira yovomerezeka, monga zomwe zimagwira ntchito ndi bungwe la ACE, amalipira ya kuyeretsa ndi kusunga, ndipo ndi lisitilo angathe kutenga ngongole uku akudikira kuti mitengo ikwere. Zimenezi n'zoposa kugulitsa kwa mavenda mu Meyi n'kudzagulanso chimanga chomwecho mu Januwale mtengo utakwera.

Kodi mumadziwa kuti kontena yomwe mwaiona yasanduka sitolo m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay ndi yotalika pafupifupi mamita 6? Ndi yolimba kwa akuba, koma masana a kuno m'kati mumatentha ngati uvuni. Ndipo samalani poiika: mu 2024 nyanja inakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mphepete.

Nanga kusungitsa kwa achibale? Mchimwene wanga ali ku Joni anatumiza ndi matransipota filiji, matilesi awiri ndi makina osokera, akuti zikhale kwa amalume mpaka adzabwere. Sanagwirizane za ndalama, sanalembe kanthu, poti ndi pachibale. Patatha zaka zitatu anapeza matilesi amodzi makoswe aswerapo ana, ena akugonera alendo, makina atachita dzimbiri ndi denga lodontha. Amalume anati chipinda chawo chinatsekeka zaka zitatu osalandirapo ngakhale ya sopo, ndipo sananame. Pa Eid yapitayi anthu awiriwa anapemphera mu mzikiti umodzi, koma aliyense anatulukira khomo lake.