Timakeke Tating'ono Togawana pa Krisimasi

Krisimasi ikayandikira, amai ambiri a m'makomboni a ku migodi, ku Kitwe, Mufulira, Chingola ndi Luanshya, amawerenga ndalama zao, nawerenganso anthu amene ayenera kulawa za m'nyumba mwao pa tsikulo. Kawirikawiri anthu ndiwo amacuruka. Pali ana a pakhomo, pali anansi a mitundu yosiyanasiyana, pali alendo ocokera kumudzi, ndiponso pali atate amene kapena sadzakhala panyumba konse, pakuti mgodi sudziwa Krisimasi. Ku Konkola, kumene madzi a pansi ndi ambiri koposa, mapampu sangaime ngakhale tsiku limodzi, ndipo wina ayenera kuwayang'anira. Keke imodzi yaikulu ikadulidwa masana, cigawo ca munthu wotere cimamdikira kufikira usiku citauma m'mbali, ndipo pa kudulako sipalephera wina wodandaula kuti lace lacepa. Timakeke tating'ono timathetsa mlandu umenewu, cifukwa yense amalandira kathunthu, kolingana ndi ka mnzace.

Nzeru imeneyi si yatsopano ai. Buku la zophika la Amelia Simmons, losindikizidwa ku America m'caka ca 1796, linali nayo kale keke yophikira m'tizikho. Koma malangizo ambiri a m'mabuku analembedwera citini cacikulu, ndipo wofuna tating'ono ayenera kuwakonza yekha.

Coyamba ndi kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene ambiri amazisokoneza. Kucepetsa msinkhu wa keke ndi kwina, kucepetsa zipangizo ndi kwinanso. Keke wamba ya ku England imafuna mazira 4, ndi fulawa, suga ndi majarini magalamu 225 ciriconse, ndiwo maaunsi 8 m'mabuku akale. Phala limeneli limadzaza zitini ziwiri zosaya za masentimita 20. Lomwelo, losasintha kanthu, limapatsa timakeke ngati 24. Tsono amai amene ali ndi anthu 24 oti awagawire sacotsapo ngakhale supuni imodzi. Cimene cimasintha ndico citini ndi nthawi.

Kucepetsa zipangizo kumafunika pamene anthu ali owerengeka, kapena pamene malo ophikira ali ocepa. Lamulo lace ndi limodzi: ciriconse cigawidwe ndi nambala imodzimodzi. Fulawa akagawidwa pakati, suga, majarini, mkaka ndi baking powder zigawidwenso pakati. Sikelo ndiye mboni yokhulupirika, cifukwa kapu ya fulawa wotsendereza imalemera koposa ya fulawa wosefa. Wopanda sikelo akumbukire kuti masupuni a tiyi 3 ndiwo supuni yaikulu imodzi, ndi kuti masupuni akulu 16 ndiwo pafupifupi kapu. Motero theka la supuni yaikulu ndilo supuni ya tiyi imodzi ndi theka. Supuni iyenera kusalazidwa pamwamba ndi mpeni. Mu keke yaikulu kamulu ka pamwamba pa supuni kamabisala, koma m'phala la dzira limodzi kamulu komweko ka baking powder kamamveka kuwawa pa lilime.

Dzira ndilo limabvuta, popeza nkhuku siiikira theka. Malangizo a mazira 3 akagawidwa pakati, pamafunika dzira limodzi ndi theka. Ena amangothira awiri, keke nkulimba. Ena limodzi, keke nkunyenyeka. Njira yace njosabvuta. Dzira liswedwe m'kapu, litakasidwe ndi foloko kufikira coyera ndi cikasu zitasakanizika, ndipo liyesedwe. Dzira lalikulu limadzaza masupuni akulu ngati 3, tsono theka lace ndi supuni imodzi ndi theka; lotsalalo lidzalowa m'ndiwo za mawa. Palinso njira ya ophika akale yoposa pamenepa, yabwino makamaka kwa ogula mazira a nkhuku za kumudzi amene amakhala ang'ono: mazira ayesedwe pa sikelo ali m'zigoba zao, ndipo fulawa, suga ndi majarini ciriconse cilingane ndi kulemera kwa mazirawo. Pamenepo buku silifunikanso, ngakhale dzira likhale limodzi.

Pa zitini maso amanyenga. Munthu akaona citini ca masentimita 10 pambali pa ca masentimita 20 amaganiza kuti ndi theka. Si theka ai. Cacepa m'litali ndi m'lifupi momwe, ndipo ngati kuya kwace kuli cimodzimodzi, cimalandira gawo limodzi lokha la magawo anai. Wokayika ayese ndi madzi, awerenge makapu olowa m'cacikulu ndi olowa m'cacing'ono. Phala la keke wamba lifike pa magawo awiri a magawo atatu a citini, lisapitirire, pakuti limatupa kwambiri.

Keke ya zipatso zouma, imene Angerezi amaidya pa Krisimasi, imaphikika bwino m'tizitini ta nyemba, ta magalamu ngati 200. Phala la citini cakuya ca masentimita 20 limakwanira tizitini totere pafupifupi 12. Titsukidwe bwino, milomo yace yakuthwa iphwanyidwe, ndipo m'kati muyalidwe pepala losalowa mafuta, pansi ndi m'mbali momwe. Citini cimene munali penti kapena mafuta a galimoto cisayandikire cakudya, ngakhale citatsukidwa kangati. Zipatso ndi nsawawa zidulidwe tizidutswa, cifukwa cipatso cimene ciri cabwino mu keke yaikulu cimaswa kakang'ono pakati. Keke imeneyi siitupa kwambiri, tsono citini cingadzazidwe kufikira magawo atatu a magawo anai.

Nthawi ya pa moto siigawika monga fulawa. Kutentha kumalowa kucokera m'mbali kunka pakati, ndipo cofunika ndi utali wa ulendo umenewo, osati kulemera kwa keke. Keke yaikulu ya zipatso imakhala maora ngati 4 pa moto wozizira, wa madigiri 140 kapena 150. Ya m'katini ka nyemba imapsa patapita ora limodzi kapena kupitirira pang'ono, pa moto womwewo. Timakeke wamba timafuna mphindi 15 kufikira 20 pa madigiri 180, ndipo tating'onoting'ono, tongokwana kamwa limodzi, mphindi 10 kapena 12. Mphindi zitatu zimene keke yaikulu siizimva nkomwe zimasandutsa kakang'ono kukhala mwala. Wophika ayambe kuyang'ana nthawi isanakwane, alase pakati ndi kamtengo koyera. Kakaturuka kouma, yapsa.

Wophikira pa mbaula amaika mcenga pansi pa mphika waukulu, nasanja tizitini pa mcengapo tosakhudza m'mbali, ndi kuika makala ambiri pa cibvundikiro koposa a pansi. Mphika wotere umalandira tizitini towerengeka pa ulendo umodzi, ndipo apa kugawa malangizo kumaonetsa phindu lace. Baking powder, amene Alfred Bird wa ku Birmingham anampanga m'caka ca 1843, amayamba nchito yace akangonyowa. Phala lodikira ora lathunthu kuti mphika upezeke limataya mphamvu ina, ndipo timakeke totsiriza sitikwera monga toyamba. Nkwabwino kusakaniza theka, kuphika, ndi kusakaniza theka linalo pambuyo pace.

Pali cinthu cina cimene mabuku a ku England sanena, cifukwa analembedwera dziko la m'mbali mwa nyanja. Matauni a ku migodi, ndi Lusaka yemwe, ali pamwamba mamita 1,200 kapena kuposapo. Pamalo potere mpweya umapepuka, madzi amawira asanafike pa madigiri 100, ndipo keke imatupa msanga isanalimbe m'kati, nkugwa pakati. Ambiri amaneneza uvuni kapena fulawa, koma mlandu uli pa kukwera kwa dziko. Supuni iriyonse ya baking powder icepetsedwe pang'ono, monga ndi gawo limodzi la magawo 8, ndipo m'phala la mazira 4 muonjezedwe supuni yaikulu imodzi kapena ziwiri za mkaka.

Krisimasi ya kuno imagwa m'dzinja, mvula iri pakati, ndipo cinyezi cimasungunula suga wopaka pamwamba. Apakidwe m'mawa mwa tsiku lomwelo. Timakeke wamba timauma msanga koposa keke yaikulu, tsono tiphikidwe pa 24 December, tizizire kotheratu, ndipo titsekeredwe m'citini cotseka bwino. Ta zipatso tingaphikidwe milungu iwiri kapena itatu tsiku lisanafike, kalikonse kokulungidwa m'pepala lace, ndipo ndito toyenera kulowa m'thumba la munthu wopita ku shifiti ya usiku, cifukwa sitiphwanyika m'njira.