Utsi wa Malole Akuluakulu

Ana inu, mwaonapo lole yonyamula mkuwa ikufuka utsi wakuda pokwera citunda. Utsi wa dizilo umenewo ngwoopsa: mu 2012 akatswiri a World Health Organization anatsimikiza kuti umayambitsa khansa ya m'mapapo. Kuyambira 2014, malole onse atsopano m'maiko a European Union amatsata lamulo la Euro VI locepetsa utsiwu. Opanga malole amacita ziŵiri. Coyamba, amaika sefa m'paipi ya utsi kuti igwire mwaye. Caciŵiri, makina amapopera m'paipimo madzi osakaniza ndi yureya, yemwe uja wa feteleza, ndipo mpweya wina wapoizoni umasanduka naitirojeni ndi nthunzi. Aphunzitsi, funsani ana: kodi mwaye wosagwidwa umathera m'cifuwa ca yani?