Thandizo la Boma Lili mu Mtengo wa Babu ndi Mbaula

M'mayiko ena olemera, munthu akagula firiji kapena chitofu chosadya magetsi ambiri, boma limamubwezera gawo la ndalama zake. Kuno ku Malawi palibe ofesi yomwe mungapite ndi lisiti n'kukalandira makwacha. Komabe thandizo lilipo, kungoti limalowa mu mtengo wa katunduyo, ndipo banja losadziwa limangolidumpha.

Mu bajeti ya 2019/20, boma linachotsa msonkho wa VAT, womwe nthawi imeneyo unali 16.5 peresenti, pa mapanelo ndi mabatire a sola, mababu osunga magetsi, gasi wophikira ndi masilinda ake, komanso mbaula za nkhuni. Zaka za m'mbuyomo ESCOM inagawanso mababu osunga magetsi m'makomo. Kale mu 2013 boma linali litalonjeza kuti mbaula zamakono 2 miliyoni zikhale zitafika m'mabanja pofika 2020, ndipo yomwe inafala kwambiri ndi Chitetezo Mbaula, youmbidwa ndi dothi. Misonkho imasintha bajeti iliyonse, choncho funsani wogulitsa ndipo yang'anani lisiti yanu.

Chifukwa chiyani boma likutaya msonkho?

Anthu a ku Salima yankho akuliona ndi maso. Ku Nanjoka kuli malo opangira magetsi a dzuwa a kampani ya JCM, okwana mamegawati 60, omwe anatsegulidwa mu 2021. Koma mtunda wochepa kuchoka pamenepo, ku Senga Bay, Lifuwu ndi Chipoka, nsima ikuphikidwabe pamafuwa ndipo nsomba zikuwambidwa ndi nkhuni. Mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Nkhalango ngati ya Thuma zakhala zikuvutika ndi ootcha makala, ndipo mitengo ikatha m'mapiri, mvula imakokolola dothi kupita nalo m'mitsinje mpaka kunyanja komwe nsomba zimaswana.

Masamu a pakhomo

Kwa amene ali ndi magetsi, poyambira ndi pa babu. Babu lakale la mawati 60 likamayaka maola 5 usiku uliwonse limadya mayunitsi 9 pamwezi. La LED la mawati 9, lowala mofanana, silifika ngakhale yunitsi imodzi ndi theka. Nyumba ya mababu 5 ingasunge mayunitsi oposa 35 mwezi uliwonse. Pogula firiji, werengani chizindikiro chosonyeza magetsi omwe imadya pachaka. Kunyanja kuno kumatentha, ndipo firiji yakale yotha labala wa pachitseko imangolira usana ndi usiku, mayunitsi n'kumatha.

Kwa ophikira nkhuni, Chitetezo Mbaula imasunga kutentha ndi kutchinga mphepo, chinthu chofunika kwambiri m'miyezi ya mwera. Tinkhuni tochepa, zitsononkho ndi mapesi a nandolo zimakwanira kupsetsa chakudya. Mbaulayi imanyamulika, kotero mayi angathe kuphikira panja kapena pakhonde.

Mbaula yokha sichotsa chibayo

Bungwe la WHO limati utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni chaka chilichonse padziko lonse. Umayabwa maso, umabweretsa chifuwa, ndipo umawononga mapapo ndi mtima. Koma pali phunziro lomwe Malawi anapatsa dziko lonse. Kafukufuku wamkulu amene anachitika ku Chikwawa ndi Karonga pa ana oposa 10,000, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2016, anapeza kuti kugawa mbaula zamakono sikunachepetse chibayo mwa ana osakwana zaka 5, ngakhale kuti ana opsa ndi moto anachepa. Mwana amapuma utsi wochokera kwina kwambiri: zinyalala zootchedwa, koloboyi, fodya, ndi moto wa kwa aneba.

Choncho kugula chipangizo ndi theka chabe la ntchito. Phikirani pamalo popita mphepo. Yanikani nkhuni ziume, chifukwa zaziwisi ndizo zimafuka kwambiri. Khanda lisakhale kumsana pamene mayi akukoleza moto. Musalowetse mbaula ya makala m'chipinda chogona, pakuti mpweya wake umapha anthu ali m'tulo popanda fungo. Ngati nyumba ilibe magetsi, nyali ya sola ilowe m'malo mwa koloboyi kuti ana aziwerenga opanda utsi.

Ukapitawo wa kukhitchini

Ife Aadventi timaphunzitsa kuti mpweya wabwino ndi umodzi mwa mankhwala achilengedwe, ndiponso kuti chuma ndi nthaka tinangosungizidwa. Tsiku lokonzekera Sabata ndilo timasonkha moto nthawi yaitali. Nyikani nyemba m'madzi Lachinayi usiku kuti zipse msanga Lachisanu, vundikirani mphika, ndipo zikabwata kwa kanthawi muuike m'dengu loyalamo nsalu zokhuthala kuti zimalizike ndi kutentha kwake komwe.

Amayi a Dorika angachite zambiri pamenepa. Akhoza kusonkherana n'kuitanitsa mbaula zambiri nthawi imodzi kwa oumba, n'kuyamba kupatsa agogo ndi amasiye omwe amayenda mtunda wautali kukatola nkhuni. Boma linatsitsa msonkho, koma ndalama yotsalayo imaoneka pokhapo banja likasankha bwino pogula, n'kugwiritsa ntchito chomwe lagulacho tsiku ndi tsiku.