Kapu ndi Chikho

Mawu akuti kapu tinawabwereka ku Chingerezi, koma eni akewo nawonso anachita kubwereka. Gwero lake ndi mawu a Chilatini akuti cupa, omwe ankatanthauza mbiya yaikulu yamatabwa yosungiramo vinyo. M'kupita kwa nthawi mawuwa anasanduka cuppa, tanthauzo lake n'kuchepera mpaka kukhala kachiwiya komwera.

Chichewa chinali ndi mawu akeake kalekale: chikho, chija chopangidwa kuchokera ku mphonda youma, chotungira madzi mumtsuko kapena kumwera thobwa. Kapu itafika, chikho sichinataye malo, chinangolandira ntchito zolemekezeka. M'tchalitchi, pa Mgonero wa Ambuye, anthu amamwera chikho. Kumpira nakonso matimu amalimbirana chikho, mwambo umene unachokera ku Ulaya kumene opambana ankapatsidwa chomwera chasiliva. Mpikisano wa FA Cup ku England unayamba mu 1871. Chikho cha Dziko Lonse chimene FIFA yakhala ikupereka kuyambira 1974 sichingasunge ngakhale dontho la madzi, komabe dzinalo linakhazikika.

Kukhitchini kapu ndi muyeso: mamililita 250 ku Australia, pafupifupi 237 ku America.