Kodi mumadziwa? Za khungu, tsitsi ndi mapazi kuno kwa othyola tiyi

Kodi mumadziwa kuti mafuta a Vaseline sawonjezera madzi pakhungu ngakhale dontho limodzi? Ntchito yake ndi kutsekera madzi amene ali kale m'khungumo kuti asauluke, ndipo amatseka oposa 98 pa 100 alionse amene akanauma. N'chifukwa chake nthawi yabwino yodzola ndi pamene mwangotuluka kubafa, thupi likadali lonyowa pang'ono. Mukadikira kuti muume gwa, pofika masana miyendo yatuwanso mbuu. Mafutawa anachokera ku zitsime za mafuta a galimoto ku Pennsylvania m'dziko la America, kumene Robert Chesebrough anaona antchito akupaka pa mabala awo phala lomata limene linkakanirira ku zitsulo zokumbira. Analiyenga, ndipo mu 1872 analembetsa luso lakelo kuboma.

Nanga gilisalini? Iye amakoka madzi n'kuwasunga pakhungu. Amayi amene amathira gilisalini m'botolo la loshoni m'miyezi yozizira ya June ndi July akudziwa chimene akuchita. Kungoti wosasungunula amamata ndipo amaitana fumbi. Musakanizeni ndi madzi oyera, mudzole, kenaka mupake Vaseline pang'ono pamwamba.

Kodi mumadziwa kuti kuda kwa zala za munthu wothyola tiyi si litsiro? Tayang'anani dzanja la mayi amene wathyola masamba awiri ndi kansonga kuyambira mame asanakamuke mpaka kukakweza dengu pasikelo. Chala chachikulu ndi chamkombaphala zada bii m'mphepete, zikhadabo zasanduka zofiirira, ndipo pamene tsinde limathyokera pali timing'alu timene timaluma tikakhudza mchere kapena sopo. Chimene chadetsa zalazo ndi madzi a m'tsamba, omwe ali ndi tanini, yemweyo amene amadetsa mkati mwa kapu ya tiyi. Amalowerera pakhungu la pamwamba ndipo amachoka pang'onopang'ono khungulo likamasintha. Kukwecha ndi mchenga kapena kuviika zala m'mankhwala oyeretsera zovala kumangotsegula ming'alu ija. Nyengo ya dzinja, kuyambira December mpaka April, tiyi akamaphuka kwambiri, manja amakhala m'madzi tsiku lonse, ndipo kunyowa n'kuuma, kunyowa n'kuuma, ndi kumene kumang'amba khungu. Madzulo sambani m'manja ndi madzi ofunda, pukutani pang'ono, pakani Vaseline wambiri mpaka m'mbali mwa zikhadabo, valani masokosi akale oyera m'manjamo, mugone. Mmawa, musanalowe m'munda, pakaninso. Ine ndimaona kuti ngati pali ndalama yogulira chodzola chimodzi chokha pa malipiro, manja amenewa ndiwo ayenera kuyamba, chifukwa ndiwo akudyetsa banja.

Kodi mumadziwa kuti sopo wamtanda wochapira zovala ndi waukali kwambiri pankhope? Khungu la munthu lili ndi kaasidi pang'ono kamene kamaliteteza, pafupifupi 5.5 pa muyeso wa pH, pamene sopo wotere amafika 9 kapena 10. Ngati m'nyumba muli sopo yekhayo, pangani thovu m'manja, sambani msanga, tsukuluzani bwino ndipo dzolani nthawi yomweyo.

Chinkhupule chimene chimayanga pampanda wa bafa ndi chaulere ndipo chimachotsa khungu lakufa bwino lomwe. Koma chikamagona chonyowa chimasunga tizilombo. Chiyanikeni padzuwa mukatha kusamba, ndipo aliyense akhale ndi chake.

Kodi mumadziwa kuti tiyi yemweyu, amene amalimidwa pa esiteti ya Satemwa, yomwe inayamba mu 1923, amaphwetsa zikope zotupa? Mangani masamba a tiyi ofulula kale m'kansalu koyera, dikirani azizire, muike pa maso otseka kwa mphindi khumi. Kuzizirako pamodzi ndi kafeini wa m'tiyi zimachepetsa mitsempha ya magazi, kutupa n'kutsika. Akhale wopanda shuga ndi mkaka, ndipo asadonthere m'diso. Diso likafiira, likamatuluka mafinya kapena kuwawa, limenelo ndi la kuchipatala.

Zikang'a nazo zili ndi mankhwala otsika mtengo. Viikani mapazi m'madzi ofunda, palani zidendene ndi mwala pang'onopang'ono, pakani mafuta, valani masokosi. Lezala ayi, makamaka kwa odwala matenda a shuga, chifukwa bala la kuphazi kwa iwo limachedwa kupola ndipo limatha kudulitsa mwendo. Pakati pa zala pokha musapakepo mafuta. Pamenepo pamafuna kuuma, makamaka kwa amene amaswera m'jombo, chifukwa chinyezi ndicho chimabweretsa linyetsu.

Kodi mumadziwa kuti mapeyala ounjikidwa pamsika wa Bvumbwe kwawo kwenikweni ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo? Peyala lopsa kwambiri, limene wogulitsa akufuna kutaya, mukalikanya n'kupaka kutsitsi louma kwa theka la ola musanatsuke, tsitsilo limafewa ndipo chipeso chimadutsa osalithothola. Makademiya a m'maesiteti athu nawo anachokera ku Australia, ndipo dzinalo analitenga kwa John Macadam mu 1857. Mafuta ake amalowa msanga pakhungu osamata, n'chifukwa chake makampani a zodzoladzola kunja amawagula n'kuwaika m'timabotolo todula. Mtedza wolimidwa ku Thyolo umatha kukathera pankhope ya munthu ku London, pamene amene anautola pansi pa mtengo sanaonepo mafuta ake.

Anganga athu ankadzola mafuta a nsatsi. Ankakazinga njere zake, kusinja, kuwiritsa m'madzi, n'kuyengula mafuta oyandama pamwamba. Mafutawo ndi olemera ndipo amagwira bwino pa zigongono, m'maondo ndi kutsitsi. Koma kodi mumadziwa kuti njere ya nsatsi ili ndi poizoni woopsa wotchedwa ricin? Poizoniyu amatsalira m'gaga lake. Njere ndi gagalo zisakhale pamene ana kapena mbuzi zingafike.

Kodi mumadziwa kuti Alhomwe, amene makolo awo ambiri anabwera kuchokera ku Mozambique n'kudzagwira ntchito m'minda ya Thyolo ndi Mulanje, ndi abale a Amakhuwa? Amayi a Chimakhuwa ku Nampula ndi pa chilumba cha Ilha de Moçambique mpaka lero amapaka kumaso phala loyera lotchedwa mussiro. Amanola nthambi ya mtengo pamwala wothira madzi mpaka patuluke phalalo, n'kulipaka kuti liteteze nkhope ku dzuwa ndi kuisalalitsa. Amati akalitsuka, khungu limatsala ndi mtundu wake womwe uja.

Apa ndiye ndikufuna tichedwepo. Kodi mumadziwa zimene zili m'mafuta oyeretsa khungu amene amagulitsidwa m'timachubu ndi m'timabotolo topanda dzina? Ambiri amakhala ndi chimodzi mwa zinthu zitatu. Choyamba ndi hydroquinone, amene amaletsa khungu kupanga melanini. Miyezi yoyamba nkhope imawala, anthu n'kumayamikira. Pakapita zaka, m'masaya ndi pamphumi mumatuluka mawanga akuda obiriwirako amene savomera mankhwala msanga. Madokotala a ku South Africa analemba za matendawa mu 1975 ataona amayi ambiri ovulala motere, ndipo mu 1990 dzikolo linaletsa hydroquinone m'zodzoladzola. Chachiwiri ndi mankhwala amphamvu a nthenda za pakhungu, monga clobetasol ndi betamethasone, amene dokotala amapereka kwa masiku owerengeka. Ukawadzola miyezi ndi miyezi khungu limapyapyala mpaka mitsempha kuonekera, m'mikono ndi m'ntchafu mumang'ambika mizere, ziphuphu ndi zipere zimabuka, ndipo bala silipola msanga. Chachitatu ndi mercury, amene pa chikuto nthawi zina amalembedwa kuti calomel kapena mercurous chloride. Ameneyu amalowa m'magazi, amawononga impso ndi mitsempha ya ubongo, amafika kwa mwana ali m'mimba ndi woyamwa, ndipo amatsalira pa thawulo ndi zofunda zimene banja lonse limagwiritsa ntchito. Maiko amene ali m'pangano la Minamata anagwirizana mu 2023 kuti zodzoladzola zonse zothiridwa mercury zithe pofika 2025. Côte d'Ivoire inaletsa mafuta oyeretsa khungu mu 2015, ndipo Rwanda inayamba kuwalanda m'masitolo mu 2018.

Kwa munthu wogwira ntchito m'munda ngoziyi ndi yowirikiza. Melanini amene mafutawa akuchotsa ndiye amateteza khungu ku dzuwa, ndipo m'mizere ya tiyi mthunzi ndi wochepa. Mphamvu ya dzuwa yowotcha khungu imakweranso ndi pafupifupi 10 pa 100 pa mamita 1,000 alionse amene wakwera, ndipo Thyolo ndi dera lokwera. Imadutsanso mitambo, choncho tsiku la chiperoni lisakupusitseni. Achemwali, ngati munayamba kale kudzola, musachite manyazi. Tengani chubucho mupite nacho kuchipatala akaone chimene chalembedwapo, chifukwa mankhwala ena ukawasiya mwadzidzidzi khungu limayabwa ndi kutupa, ndipo pamafunika kusiya pang'onopang'ono motsogozedwa ndi adokotala. Pogula chodzola chilichonse, onani tsiku lothera mphamvu ndi mndandanda wa zimene zili m'katimo. Chopanda zolemba chisiyeni pomwepo.

Chipewa cha khonde lalikulu pamwamba pa duku chimateteza nkhope, makutu ndi khosi kuposa mafuta ambiri odula. Kwa abale athu achialubino, chipewa, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza ku dzuwa ndi nkhani ya moyo, chifukwa khansa ya pakhungu imawagwira msanga. Bungwe lawo la APAM lakhala likumenyera kuti mafutawa azipezeka m'zipatala.

Kodi mumadziwa kuti madzi a mandimu kapena ndimu atapakidwa pakhungu, kenaka n'kuwombedwa ndi dzuwa, amatha kuwotcha mpaka matuza ndi kusiya zipsera zakuda kwa miyezi? Mankhwala otsukira mano nawo si a ziphuphu. Amatupitsa khungu, ndipo pa khungu lakuda paliponse pamene patupa pamatsala banga. Kufinya ziphuphu kumachitanso chimodzimodzi.

Makala ndi phulusa zimayeretsadi mano tsiku loyamba, koma zimapala chikuto cholimba cha dzino, ndipo chikutocho sichimeranso. Chikapyapyala, mano amaoneka achikasu kuposa kale ndipo amachita dzanzi mukamwa madzi ozizira. Tiyi wopanda mkaka amadetsa mano, koma kuchukucha m'kamwa ndi madzi mukatha kumwa kumachepetsa vutolo.

Kodi mumadziwa kuti tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, kaya mwalimeta kaya ayi? Chimene chimalifupikitsa ndi kuthothoka kunsonga. Nsalu ya thonje imamwa mafuta a m'tsitsi, choncho pogona mangani kansalu koterera pansi pa duku. Ndipo maluko akamakoka mpaka mutu kuwawa, kapena timatuza tikatuluka m'mphepete mwa mphumi, muuzeni wolukayo amasule. Kukoka kotere kukapitirira zaka, mizu ya tsitsi imafa ndipo pamalopo sipameranso kanthu, ngakhale mutapaka mafuta a mtundu wanji. Ana aakazi ndiwo amavutika kwambiri, chifukwa amaopa kunena kuti zikuwawa. Mwana akalephera kugona usiku woyamba ataluka, mumasuleni usiku womwewo.