Uthenga wa pa foni nawo umafuna msika wapafupi

CASSACATIZA, Chifunde - Mayi wogulitsa nthochi pa chipata cha Cassacatiza akatumiza chithunzi kwa mlongo wake ku Chanida, mbali ya Zambia, amayesa kuti chithunzicho changodumpha malire. Si choncho ayi. Kawirikawiri chimayamba chapita kutali, mwina mpaka ku Johannesburg, chisanafike kwa mwini wake.

Chifukwa chake n'chakuti kampani iliyonse ya mafoni ili ndi njira zakezake. Kuti makampani apatsirane mauthenga pafunika malo okumanirana, monga msika umene alimi amasinthanirapo chimanga ndi mtedza osavutika kupita nazo ku Tete.

Kuno ku Mozambique malo otere ndi MOZIX, amene anatsegulidwa mu 2002 pa Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo. Asanatsegulidwe, kalata ya pa kompyuta yochoka ofesi ina kupita ofesi ina mu mzinda womwewo inkatha kudzera ku Ulaya kapena ku America, ndipo ulendowo unkalipiridwa ndi ndalama zakunja. Amalawi anatsegula awo ku Blantyre mu 2008, ndipo ku Lusaka aliponso.

Koma kwa anthu akumalire, Maputo ili pa mtunda woposa makilomita 1,500, pamene Chanida n'poyenda pansi. Makampani a mbali ziwirizi akamakumana pafupi, uthenga umafika msanga ndipo ndalama zolipira njira zakutali zimachepa. Mlimi wofunsa mtengo wa chimanga ku Katete ndiye woyamba kupindula.